Basi ya masapota yopita ku Barrow: nyenyezi ziwiri, imodzi ndi ya dalaivala

Anzanga a kuno ku Bradford amene mumandifunsa za kampani ija imanyamula masapota a Bradford Bulls, timu ya rugby league, pa masewero akutali, yankho langa ndi ili. Dzina sinditchula, amene munakwerapo mukuidziwa. Mapaundi 24 a tikiti ya basi ndinalipira kudakali sabata yathunthu, ndipo mpaka lero sanandibwezere ngakhale khobidi.

Tinanyamuka pa Odsal, bwalo la Bulls, Lamulungu cha m'ma 10 koloko m'mawa, kamvula kakuwaza mwa nthawi zonse. Basi yokalamba, hita yosagwira, chimbudzi chokhoma. Zimenezo ndikanapirira, ine ndinakulira m'maminibasi a pakati pa Limbe ndi Zomba. Chinandiwawa ndi dalaivala, bambo wa ndevu za imvi, amene sanayankhe moni wanga, anangondilozera mpando ndi chibwano. Ndinamusungira kamangawa kuyambira pamenepo.

Titadutsa Skipton pa msewu wa A65 kunayamba kumveka fungo la chinthu chopserera. Kutatsala pang'ono kufika ku Kirkby Lonsdale injini inatsokomola kawiri n'kuzima, utsi kumbuyo tolo! Tinaima m'mbali mwa msewu, nkhosa zikutiyang'ana pamwamba pa mpanda wa miyala. Masewero amayamba 3 koloko.

Ku ofesi ndinaimba katatu, ndipo mayi amene amayankha foni kumeneko sindidzamuiwala. Koyamba anati basi ina ili kale m'njira, tidikire mphindi 30. Patapita ola ndinaimbanso, iye n'kundifunsa nambala ya tikiti, ngati kuti nambalayo ndiyo ilize injini. Kachitatu anandiuza, mawu ali phee, kuti pa tikiti analemba kuti adzatifikitsa ku Barrow, sanalembe kuti adzatifikitsa masewero asanayambe. Ndisanatseke pakamwa foni anali atadula. Ine ndinatenga tchuthi ku ntchito chifukwa cha tsiku limeneli, ndipo amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba mukudziwa kuvuta kwake kupeza Lamulungu.

Ndinabwerera pampando mtima ukuwira. Agogo aakazi amene ndinakhala nawo, atadzikulunga skafu yothimbirira ya mtundu wofiira, wachikasu ndi wakuda, anandigwira pamkono n'kuseka. "Mwana wanga, ukudandaula maola awiri? Ife takhala m'mbali mwa msewu kuyambira 2012." Basi yonse inafa ndi phwete, ndipo nkhani inayambira pomwepo.

Ndiulule: ine timuyi ndinaipeza itagwa kale. Ndinaisankha chifukwa dzina lake limamveka ngati Bullets ya kwathu, komanso pa yunifomu pali kofiira. Panthawiyo sindinkadziwa n'komwe kuti mu rugby league amasewera anthu 13 mbali iliyonse, kapena kuti akakugwetsani kasanu ndi kamodzi mpira umapita kwa anzanu. Za ulemerero ndimangomva kwa eni ake: zikho za Super League, ligi yapamwamba, mu 1997, 2001, 2003 ndi 2005, Challenge Cup mu 2000 ndi 2003, Lesley Vainikolo akuthamanga m'mphepete mwa bwalo anthu akumuthawa ngati ng'ombe yolusa, Robbie Paul akugawa mipira. Amazikamba ngati mmene akuluakulu kumudzi amakambira chaka cha zokolola zambiri, nkhokwe zitagwa kale.

Koma tsiku limenelo za zikho anangozilambalala. Mkangano unali wakuti chaka chowawa kwambiri chinali chiti. Bambo wina kumbuyo anati 2012, pamene timu inamira m'ngongole, masapota n'kusonkha mapaundi 500,000 kuti aipulumutse, koma inagwabe n'kulandidwa mapointi 6. Wina anati ayi, 2014, chifukwa analandidwanso mapointi 6 kenako n'kutuluka mu Super League. Mayi wina anati iye mpaka pano safuna kumva dzina la Wakefield: mu 2015, pa Million Pound Game, masewero olimbirana malo mu Super League, khomo lobwerera linali lotsekula, anagonja 24-16. Mnyamata amene anali ndi chitini cha mowa anati zonsezo n'zochepa poyerekeza ndi Januwale 2017, kampani ya timu itathetsedwa, yatsopano n'kuyamba ligi ili ndi ngongole ya mapointi 12, mapeto ake n'kugwera mu League 1, ligi yotsika kwambiri panthawiyo.

Agogo aja anadikira onse amalize. Iwo anati kugonja si kanthu, chinawadwalitsa ndi kusamuka pa Odsal kumapeto kwa 2019 kukachita lendi ku Dewsbury. Bwalo limene mu 1954 munalowa anthu 102,569, eni ake n'kulisiya kukapempha malo kwa oyandikana nawo. Anati bambo awo anawatengera ku Odsal ali kamtsikana, ndipo tsiku limene timu inabwererako mu 2021 analira pa geti. M'basi munangoti zii. Kenako wina anakumbutsa za 2019 yomweyo, pamene anachotsa Leeds Rhinos mu Challenge Cup, 24-22, ndipo nkhope zinawalanso.

Apa m'pamene mangawa anga anasungunuka. Dalaivala uja anali atalowa, manja ali bii ndi oyilo, akumvetsera ataima pakhomo. Anangoti, osayang'ana munthu, kuti pa mapaundi 500,000 aja 100 inali yake, ndipo mkazi wake mpaka lero sadziwa. Anavula jekete n'kufunditsa agogo, tiyi wa m'fulasiki yake n'kugawira ana awiri amene ankanjenjemera. Ataona kuti ku ofesi kulibe chothandiza, anaimbira mnzake pa foni yake yomwe, ndipo basi imene inadzatitenga inabwera chifukwa cha iyeyo. Moni wanga wa m'mawa uja mwina sanaumve n'komwe, kapena ankadziwa kale chimene amupatsa kuti ayendetse. Iye anatsala yekha pamvula kudikirira galimoto yokoka, atapempha mnyamata wa chitini uja kuti azimutumizira mmene masewero akuyendera.

Pa Craven Park, bwalo la ku Barrow, tinalowa chigawo chachiwiri chitayamba kale, talipira tikiti yathunthu ya pa geti kuonera theka. Pobwerera zinayenda bwino, basi ya mnzakeyo hita imagwira.

Ndiye nyenyezi imodzi ndapereka kwa dalaivala, ina kwa agogo, ngakhale kuti iwo si antchito a kampaniyo. Ofesi ilibe chake. Ndinawalembera imelo kawiri, ndipo patatha milungu itatu ananditumizira kapepala kochotsera mapaundi 5 pa ulendo wotsatira, kosainidwa ndi mayi yemwe uja. Ngati mukupita ku Barrow kapena ku Whitehaven, sonkhani ya mafuta anthu anayi mukwere galimoto imodzi. Kapepalako ndakamata pa filiji, amene akukafuna andiuze kasanathe ntchito mwezi wamawa.