Simbi yanthunzi ya 2200W: ikundithandiza, koma musamale madzi othiramo

Simbi iyi ndinaigula m'sitolo ina ku Limbe chaka chatha, ndipo ndi yomwe ikusita zonse m'nyumba muno: malaya a ku ntchito a bambo a kuno, mayunifolomu a ana ndi zitenje zanga. Mpaka lero sinandivutepo, ndipo ndikhoza kuigulanso.

Ndinayamba ndi kuyang'ana pulagi. Yake ndi ya mano atatu amakona, yolowa m'masoketi athu popanda adaputa. Simbi zambiri zochokera ku Joni zimabwera ndi mano ozungulira, ndipo adaputa yotchipa ikakumana ndi chinthu chokoka magetsi ambiri chonchi imatentha mpaka kusungunuka.

Imatentha msanga. Ndikamamaliza kuyala bulangete patebulo, kanyale kake kamakhala katazima kale, ndipo izi zimandipulumutsa masiku amene magetsi akuthimathima. Za mayunitsi musaope kwambiri. Ikanamayaka ola lathunthu osapumira ikanadya mayunitsi 2.2, koma ikafika pa moto umene mwaika imadzizimitsa yokha, n'kudzayakanso ikayamba kuzizira.

Pamene yandigwira mtima ndi pa nthunzi. Chitenje chouma gwa ndi dzuwa la Okutobala kale ndinkachita kuchiwaza madzi ndi zala, kuchipinda, kudikira kuti chifewe. Pano ndimaika pa madontho atatu, omwe ndi moto wa nsalu za thonje, n'kudina batani. Nthunzi imatuluka kuti fuu, makwinya n'kugona ndikangodutsa kamodzi kapena kawiri. Ngakhale jinzi ya pakaunjika, yomwe yakhala yofinyika m'belo, imawongoka. Nsonga yake ndi yopyapyala, imalowa bwino pakati pa mabatani ndi kunsi kwa kolala. M'nyengo ya mvula ndimasita chilichonse chimene chayanikidwa panja, ngakhale matewera, poopa ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa n'kuyambitsa mphutsi pakhungu la mwana. M'misoko yokhuthala ndimadutsa pang'onopang'ono kuti moto ulowerere.

Zilema zilipo. Mukatsitsa moto kufika pa dontho limodzi, posita zovala za nayiloni, nthunzi muitseke, apo ayi imadontheza madzi pa chovala. Thanki yake ndi yaing'ono, moti tsiku lochapa zambiri ndimathira madzi kangapo. Chingwe nachonso n'chachifupi, tebulo liyenera kukhala pafupi ndi soketi.

Nkhani yaikulu ndi madziwo. Madzi a pamjigo, makamaka kumene amamveka mchere, amasiya zoyerayera zonga laimu m'timabowo ta pansi, zomwe zija zimamata m'ketulo. Timabowo tikatsekeka nthunzi imachepa, kenako simbi imayamba kulavula zofiirira pa malaya oyera, mwana ali chiimire kudikira kupita kusukulu. Ine ndimathira madzi a mvula osefa pa nsalu yoyera, ndikamaliza kusita ndimakhuthula otsala simbi ikadali yotentha, ndipo mwezi uliwonse ndimadina batani lake lotsukira m'kati.

Kwa amene kwawo magetsi amasowa masiku angapo, simbi yamakala musaitaye. Koma ngati mumasita tsiku ndi tsiku, iyi ndi yoyenera ndalama zake. Pogula auzeni aiyese pomwepo muone nthunzi ikutuluka m'mabowo onse, ndipo lisiti musaisiye.