Ndemanga: Mabuku anayi a mbiri ya dziko lonse amene ndinagula ku Limbe

Mabukuwa amagulitsidwa pamodzi m'katoni. Loyamba likufotokoza za maufumu akale a ku Egypt, Mesopotamia ndi Rome, lachiwiri za Africa ndi Asia atsamunda asanafike, lachitatu za malonda a akapolo ndi utsamunda, ndipo lomaliza za nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Ndinawagula m'sitolo ina ya mabuku pofuna kuthandiza ana a Fomu 3 ndi 4 amene amadzawerengera pakhomo pano ku Chitakale, ngakhale kuti amene wawawerenga kwambiri ndine ndemwe. Ndi oyenera kugula, bola munthu asayembekezere kupezamo mbiri ya kwathu kuno.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi momwe buku lachitatu likulumikizira zochitika za m'maiko otalikirana, makamaka pa nkhani ya tiyi. Likulongosola kuti Angerezi anakonda tiyi wa ku China mpaka siliva wawo wambiri ankathera komweko, ndipo pofuna kubweza chumacho anayamba kugulitsa kwa Achina mankhwala ozunguza bongo a opium olimidwa ku India. Boma la China litaletsa malondawo, panabuka nkhondo ya 1839 mpaka 1842, imene inatha Britain atalanda Hong Kong. M'zaka zomwezo Angerezi anali atayamba kutsegula minda yawoyawo ya tiyi ku Assam, dera la ku India, kuti asamadalirenso China. Munthu amene m'mawa uliwonse amaona anthu akuthyola tiyi, madengu ali kumsana, sangawerenge mutu umenewu mothamanga, chifukwa ulendo womwewo ndi umene unadzafikitsa mbewuyi kuno ku Mulanje cha m'ma 1891, chaka chomwe dziko lino linalowa m'manja mwa Britain.

Buku lachiwiri nalonso lalembedwa mwaulemu kwa ife anthu akuda. Likunena mosapsatira kuti malinga amiyala a Great Zimbabwe anamangidwa ndi eni dziko, osati alendo monga ankanenera atsamunda ena, ndipo nkhani ya mfumu Mansa Musa ya ku Mali, amene pa ulendo wake wa ku Mecca mu 1324 anagawa golide wochuluka mpaka mtengo wake unatsika ku Cairo, ana anaikonda zedi. Loyamba lija ndi labwino ndithu koma mulibe chachilendo kwa amene anaphunzirapo kale.

Dandaulo langa lalikulu ndi lakuti dera lathu lino angolilambalala. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, pomwe maiko a ku Europe anakambirana zogawana Africa, wapatsidwa masamba ambiri, koma Nyasaland yangotchulidwa m'ndime imodzi. Za thangata, amene anakakamiza makolo athu kugwira ntchito m'maesiteti ngati malipiro a malo okhalapo, mulibe. Za Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique nadzakhala msana wa ntchito za m'mindayi, mulibenso. Ngakhale Fort Lister, imene inamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, sinalembedwe pa mapu. M'buku lomaliza nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ikuoneka ngati inamenyedwa ku Europe kokha, pomwe anthu athu ambirimbiri anafera pa ntchito ya mtengatenga, yonyamula katundu wa asilikali, ndipo M'busa John Chilembwe anadandaula poyera za kutengedwa kwa anthu akuda kunkhondoyo asanaukire boma mu 1915. Mwana wokonzekera mayeso a MSCE afunika buku lina la mbiri ya Malawi pambali pa awa.

Kunena za kapangidwe kake, zilembo ndi zazikulu bwino ndipo mapu ndi amitundu yowala, koma Chingerezi chake ndi chozama, moti ana ofooka amafuna wowamasulira. Chikuto ndi chofewa ndipo masamba anangomatidwa ndi guluu, osasokedwa. Nyengo ya chiperoni itafika, mapepala anayamba kupindika ndi chinyezi, ndipo buku lachitatu, limene limatsegulidwa kawirikawiri, linathothoka masamba apakati. Ndinalimata ndi selotepi, ndipo tsopano onse ndimawasunga m'jumbo m'kabati.

Mtengo wake ndi wokwererapo kwa banja limodzi. Ndikulangiza kuti agule ndi sukulu, mpingo kapena makolo angapo osonkherana, ndipo awakute ndi pulasitiki asanawapereke kwa ana.