"Proud" woyamikira ndi "proud" wodzudzula

Mngelezi akati "I am proud of you", wakuyamikira kuchokera pansi pa mtima. Ndi mawu a kholo kwa mwana amene wakhoza mayeso. Apa wolankhulayo amatchula chimene akunyadira: mwana, dziko, kapena ntchito ya manja ake.

Koma akati "he is a proud man" n'kulekera pomwepo, tcherani khutu. Kawirikawiri akunena munthu wodzimva, woti sangapepese, sangapemphe ngakhale mchere kwa woyandikana naye nyumba. Tanthauzo ili ndiye lakale, ndipo linazika mizu ndi chiphunzitso cha mpingo. Papa Gregory Woyamba, cha m'ma 590, anaphunzitsa kuti kudzikuza ndiye muzu wa machimo akuluakulu onse. Komabe nthawi zina m'mawu oti "a proud man" muli kaulemu ndithu, monga ponena nkhalamba yosauka imene ikukana thandizo kuopa kunyozeka.

Ine ndimaona kuti tanthauzo loyamikira lija ndiye lafala masiku ano. Kuchokera pa kuguba kwa mu June 1970 ku New York, amuna kapena akazi okondana okhaokha anatenganso mawu oti "Pride" (kunyada) kukhala dzina la zionetsero zawo, kutanthauza kukana manyazi.