Miyezi ingapo ndikuponya mafayilo mu AI: pena imandipulumutsa, pena imandinamiza

Abale, ine ndi munthu uja ukanditumizira PDF ya masamba 80 ndimangoona tsamba loyamba ndi lomaliza kenako n'kuyankha kuti ndawerenga, zili bwino. Ndiye tsiku lina mnzanga wa kuntchito atandionetsa kuti ma AI awa, mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu, umatha kuponyamo fayilo n'kumafunsa mafunso ngati ukucheza ndi munthu amene waiwerenga yonse, ndinati basi ulesi wanga wapeza mankhwala. Pano patha miyezi ingapo ndikuchita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zikuyendera.

Kwa amene simunayesepo, ChatGPT ya OpenAI inatuluka mu November 2022 ndipo nthawi imeneyo kunali kungolemba funso n'kulandira yankho basi, zoponya mafayilo zinabwera pambuyo. Pano Claude ya Anthropic, Gemini ya Google, Copilot ya Microsoft, zonsezi zimalandira mafayilo, kaya PDF, kaya Word, kaya chithunzi chojambula pafoni. Yomwe ndimagwiritsa ntchito ineyo sinditchula, sakundilipira kkkk, komanso mavuto omwe ndinene pansipa si a kampani imodzi, amachokera m'mene zinthuzi zinapangidwira.

Pomwe inanditenga mtima ndi pa kontirakiti ina ya masamba 46, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, chizungu chake cha maloya chija chiganizo chimodzi chimatenga theka la tsamba. Ndinangoifunsa kuti ngati ndikufuna kusiya mgwirizanowu ndiwadziwitse masiku angati. Inayankha kuti masiku 30, zili pa tsamba 31, koma n'kuwonjezera kuti chenjerani, kumapeto kuli kagawo kena konena kuti mukapanda kulemba kalata masiku 60 chaka chisanathe, mgwirizano umangoyambiranso wokha chaka china. Ndinapita kukaona, kalipodi, kabisala pansi pa mutu woti zina ndi zina. Ine ndekha pamenepo sindikanafika, ndikanakhala nditagona kalekale pa tsamba 12. Ntchito ina yomwe imaitha bwino ndi yofananitsa, mukaipatsa dokyumenti yakale ndi yatsopano n'kufunsa kuti asintha pati, imakutolerani malo onse ngakhale pomwe angochotsa liwu limodzi. Maminitsi a misonkhano nawo imafupikitsa mwaukhondo, ndani anapatsidwa ntchito yanji, pofika liti. Apa ndilibe dandaulo.

Koma manambala, mayo ine.

Ndinaiponyera fayilo ya Excel ya zinthu zomwe tinagula miyezi itatu, ndinati ndiphatikizire mwezi uliwonse pawokha. Yankho linabwera mwachangu, tebulo lokongola, mpaka kachithunzi ka mizere yokwera ndi kutsika, ine n'kumwetulira. Chinandidzutsa n'chakuti mwezi wa March unaoneka wonenepa modabwitsa pomwe ndikudziwa kuti mwezi umenewo sitinagule zambiri. Kufufuza, deti yolembedwa 03/04, yomwe ife timatanthauza pa 3 April, iyo inaiwerenga mwa chi America, mwezi kutsogolo tsiku pambuyo, ndiye inakhala pa 4 March. Madeti opitirira pa 12 inawawerenga bwino chifukwa kulibe mwezi wa 13, koma ena aja inawamwaza m'miyezi yolakwika. Ngati kuti izo sizokwanira, pansi pa fayiloyo panali mzere wa totala womwe ndinalemba ndekha kale, iyo inautenga ngati chinthu chogulidwa n'kuuphatikizanso, ndiye chiwerengero chonse chinatuluka kawiri. Nditaiuza inapepesa mwaulemu n'kukonza, koma taganizani ndikanangokopera n'kutumiza kwa abwana. Chomwe ndaphunzira apa, zina mwa AI zimenezi zikapatsidwa Excel kapena CSV (mtundu wina wa fayilo ya matebulo) zimalemba kapulogalamu ka Python (chiyankhulo cholembera mapulogalamu) n'kuwerengera ndi kameneko, ndipo zikatero kuphatikiza kwenikweniko sikulakwika, cholakwika chimakhala kamvedwe ka fayilo yanu. Ndiye masiku ano ndimayamba ndafunsa kuti wapeza mizere ingati, madeti ukuwawerenga bwanji, tisanayambe masamu.

Zosikana, mapepala ojambulidwa ndi makina aja, nazo ndi nkhani ina. PDF zilipo za mitundu iwiri ngakhale pamaso zimaoneka zofanana, ina mkati mwake muli zilembo zenizeni, ina ndi chithunzi chabe cha pepala. Kuti mudziwe, tsegulani n'kudina Ctrl+F musake liwu lomwe mukuliona ndi maso, likapanda kupezeka dziwani kuti n'chithunzi, ndiye AI iyenera kuyamba yazindikira zilembozo kuchokera pachithunzipo, zija amati OCR. Pepala likakhala loyera bwino palibe vuto. Koma langa linali fotokope ya fotokope, lopendekeka, chidindo chitagwera pamwamba pa nambala, ndipo 7 inasanduka 1, 8 inasanduka 3. Chondinyansa si kulakwitsako, nanenso ndinachita kutsinzinira diso limodzi kuti ndione bwino, koma kuti sinanene n'komwe kuti apa sipakuoneka. Inangolemba nambala yake molimba mtima ngati yaona bwinobwino.

Kulimba mtima kumeneku ndiye vuto lake lalikulu. Tsiku lina ndinaiyesa dala, ndinaponya lipoti lalitali n'kufunsa kuti lipotili likuti chani pa nkhani ya inshuwalansi, ndikudziwa kuti mulibemo nkhani imeneyo. Mmalo monena kuti mulibe, inandilembera ndime yonse yomveka bwino kwambiri. Ndinati ndipatse mawu enieniwo ndi tsamba lake, inandipatsa, kusaka mu fayilo mawuwo mulibe. Chifukwa chake n'choti makinawa anaphunzitsidwa kulosera liwu lomwe likuyenera kutsatira, ndiye akasowa choona amadzaza ndi chomwe chikumveka ngati choona. Komanso pali malire a mawu omwe amatha kusunga nthawi imodzi, fayilo ikatalika kwambiri mapulogalamu ena amaiduladula n'kumangotola zidutswa zomwe zikuoneka zogwirizana ndi funso, ndiye mukati fupikitsa zonse musaganize kuti tsamba lililonse yalipatsa chidwi chofanana. Si ine ndekha wogwa m'mbunamu, mu 2023 maloya ena ku New York pa mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca anapereka kukhoti milandu yakale yomwe ChatGPT inangopeka, woweruza anawalipiritsa chindapusa cha $5,000. Anthu ophunzira, maloya enieni, nanga ine ndi ndani.

Ndiye pano funso lililonse ndimalimaliza ndi mawu omwewo, yankha kuchokera mu fayilo yokhayi, ndipatse tsamba ndi mawu enieni, ngati mulibe nena kuti mulibe. Zimachepetsa bodza ndithu ngakhale sizilithetsa. NotebookLM, AI ina ya Google yowerenga mafayilo, pa mbali iyi anaiganizira bwino, yankho limabwera ndi tinambala toti mukadina mumafika pa ndime yomwe yatengapo, kutsimikiza kumakhala kwa masekondi.

China chomwe anthu sitiganizira, fayilo mukaiponya yachoka m'manja mwanu, yapita pa makompyuta a kampani ina. Samsung mu 2023 inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ma AI oterewa pa zipangizo za kuntchito ena ataponyamo zinsinsi za kampani. Ine ndinalowa mu ma setting n'kuthimitsa poti zocheza zanga azigwiritsa ntchito pophunzitsira makina, ndipo pepala lililonse lokhala ndi maina a anthu, manambala a akaunti kapena zachipatala ndimayamba ndafufuta kapena sindiponya n'komwe. Za kuntchito funsani kaye ngati n'zololedwa, musadzafotokoze zambiri pa mitingi.

Pa nyenyezi zisanu, posaka zinthu m'dokyumenti yaitali ndi kufananitsa ndiipatsa zinayi ndi theka. Kufupikitsa, zinayi. Manambala a mu Excel zitatu, malinga muziiyang'anira ngati mwana wongoyamba kumene ntchito. Zosikana zosaoneka bwino ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndaipatsa chifukwa chopepesa mwaulemu. AI yaulere imakwana ngati mumaponya fayilo mwa apo ndi apo, kungoti imakudulani mukafika malire a tsikulo, ine inandidulapo ndili pakati pa kontirakiti ina, funso lofunika ndisanafunse, ndinachita kuwerenga ndekha masamba 9 otsalawo ngati munthu wakale.