Malo osewerera magemu pafupi ndi msika wa Mzuzu: makina ndi abwino, koma zaka za ana sizikuyang'anidwa

Malo amene ndikuwaunika pano ali m'chipinda chachitali kuseri kwa mashopu, kamtunda pang'ono kuchokera kumsika waukulu wa Mzuzu. Dzina lake sinditchula, chifukwa mwini wake ndi munthu amene akudzipezera chakudya mwachilungamo, ndiponso vuto limene ndalipeza pamalo ake si la iye yekha, popeza aliyense woyenda ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Zolozolo angathe kulipeza m'malo ena otere. Ndimapitako ndi mwana wa mchemwali wanga amene ali Sitandade 6, ndipo inenso ndimakonda kusewera mpira wa pakanema, choncho sindikulemba monga munthu wodana ndi magemu.

Zoyamikira zilipo zambiri. Makina ake ndi a PlayStation 4, ma TV ndi aakulu ndipo anakhomedwa bwino kukhoma, mapadi osewerera magemu amasamalidwa moti supeza batani lomatirira kapena chingwe chomangidwa ndi selotepi monga zimakhalira kwina. Mwini malo anaika sola ndi mabatire, ndiye magetsi akathima mpira suimira pakati, zimene zimachotsa mikangano ya kubweza ndalama. Mnyamata wogwira ntchito amalemba m'kope nthawi imene munthu wayambira, amalandira ndalama ya pamanja ngakhalenso ya pafoni, ndipo sabera mphindi. Mowa ndi fodya siziloledwa, kubetcherana ndalama pa mpira n'koletsedwa, ndipo mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu amabwezedwa pakhomo pomwepo. Lamulo lomalizali ndi limene linandikopa, chifukwa likusonyeza kuti mwini malo amaganizira ana, sangoyang'ana ndalama yokha.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuti pa nkhani ya malire a zaka malowa alibe dongosolo lililonse. Magemu onse anaikidwa mkati mwa makina, ndipo wosewera amangosankha pa mndandanda umene umaoneka pa TV. Pamenepo pali mpira wa EA Sports FC, umene ambiri akuutchulabe kuti FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023, pali mipikisano ya magalimoto, kenako magemu omenyana ndi owomberana monga Tekken, Call of Duty, Grand Theft Auto V ndi Mortal Kombat 11. Zonsezi zandandalikidwa mzere umodzi, chithunzi ndi dzina basi, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akalipira amasankha chilichonse chimene wachifuna.

Magemu amenewa sanachoke kwa opanga ake opanda chenjezo. Amene amagulitsidwa ku Ulaya amakhala ndi chizindikiro cha PEGI, dongosolo limene linayamba mu 2003, ndipo limagawa magemu pa zaka 3, 7, 12, 16 ndi 18. Manambala 3 ndi 7 amalembedwa pa mtundu wobiriwira, 12 ndi 16 pa mtundu wa lalanje, 18 pa mtundu wofiira. Kuseri kwa chikuto kumakhala tizithunzi tofotokoza chifukwa chake: chibakera chimaimira nkhanza, kangaude amaimira zoopsa, jekeseni amaimira mankhwala ozunguza bongo, ndipo palinso tizithunzi ta njuga, kutukwana ndi kugula zinthu ndi ndalama zenizeni mkati mwa gemu. A ku America amagwiritsa ntchito zilembo za bungwe la ESRB, monga E ya aliyense, T ya achinyamata oyambira zaka 13, ndi M ya oyambira zaka 17. Zimbale zobwera kudzera ku South Africa zimakhalanso ndi chizindikiro cha bungwe la kumeneko la Film and Publication Board. Pa muyeso wa PEGI, mpira uja ndi wa zaka 3, Tekken 7 ndi ya 16, pamene Grand Theft Auto V ndi Mortal Kombat 11 ndi a 18. Makolo ena akaona nambala amaganiza kuti ikunena za kuvuta kwa gemu, ndiye amanyadira kuti mwana wawo wamng'ono akukwanitsa gemu ya akuluakulu. Nambalayo imanena za zimene mwanayo aone ndi kumva, ilibe chochita ndi luso lake.

Chenjezo lonseli limakhala pa chikuto cha chimbale kapena pa tsamba logulirapo, ndiye gemu ikangoikidwa mkati mwa makina, chikuto n'kutsala kwina, chenjezolo limasowa pamaso pa kholo ndi pa mwana yemwe. Zili ngati mankhwala ochotsedwa m'paketi mwake n'kumagulitsidwa m'kapepala, popanda cholembedwa chonena mlingo wa mwana ndi wa wamkulu. Pakhoma la malowa pamatidwa zithunzi zazikulu za osewera mpira ndi pepala la mitengo, koma palibe paliponse pamene palembedwa kuti gemu yakuti ndi ya anthu a zaka zakuti.

Vuto lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa loyambalo, ndi kakhalidwe ka chipindacho. Ma TV onse ali khoma limodzi, mabenchi ali mzere umodzi, ndipo kumbuyo kwa mabenchi kuli mpata umene oonerera amaimirira osalipira kanthu. Ngakhale mwana atasankha mpira, diso lake limathawira pa TV yoyandikana nayo. Madzulo ena ndinaona kamnyamata kosapitirira zaka zisanu ndi zinayi, kovala juzi lalikulu la kuzizira kwathu kuno, katanyamula jumbo ya tomato ndi kabotolo ka mafuta ophikira, kusonyeza kuti katumidwa kumsika ndipo kunyumba akukadikira. Kanaima kumbuyo kwa anyamata awiri akuluakulu amene ankasewera Mortal Kombat. Gemu imeneyi ili ndi kamalizidwe kotchedwa Fatality, pamene wopambana amapha mnzake mwa kumudula ziwalo, ndipo kamera imayandikira dala kuti magazi ndi mafupa zioneke bwino. Anyamatawo anakuwa mokondwa, kamwanako kanatseka maso ndi dzanja limodzi koma kakusuzumira pakati pa zala, ndipo sikanachoke mpaka nkhondo ina itayamba. Palibe amene anakauza kuti kasunthe. Pa mabuku a malowa kamwanako sikanali kasitomala n'komwe, choncho ngakhale pakanakhala lamulo la zaka kwa olipira, sibwenzi litakateteza.

Sikuti Mortal Kombat yangoyamba lero kudetsa nkhawa akuluakulu. Gemu yoyamba ya dzinali inatuluka mu 1992, ndipo inali imodzi mwa imene inachititsa kuti mu 1993 aphungu a nyumba ya Senate ku America, motsogozedwa ndi Joe Lieberman ndi Herb Kohl, aitanitse makampani a magemu kudzayankha mafunso. Zotsatira zake bungwe la ESRB linakhazikitsidwa mu 1994. Ndiye kuti gemu imene inathandiza kubala malire a zaka ndi yomweyo imene ana a ku Mzuzu akuionera popanda malire alionse, ndipo zithunzi zake za masiku ano zikufanana kwambiri ndi munthu weniweni kusiyana ndi za nthawi imeneyo.

Nkhaniyi ndinaikamba ndi mwini malo, ndipo anandimvetsera mwaulemu. Nditamufunsa kuti, “Bambo, bwanji osapatula magemu a akuluakulu kuti ana asamaone?” anayankha kuti, “Achimwene, ana amenewa ndikawakaniza apita kwina kumene kulinso mowa, ndipo m'mafoni a azibale awo muli zoposa zimenezi.” Yankho limeneli lili ndi choonadi chake, ndipo sindikulipeputsa. Renti ya mtauni si yamasewera, magemu omenyana ndi amene amakoka anyamata olipira maola ambiri, ndipo n'zoona kuti magemu owomberana a PUBG Mobile ndi Free Fire ali m'mafoni ambiri. Komabe munthu amene anakwanitsa kubweza mwana wa yunifolomu, n'kutaya ndalama yake chifukwa cha sukulu, wasonyeza kale kuti amatha kuika malire. Kunena kuti kwina n'koipa kwambiri sikuchotsa udindo pa zimene zikuchitika m'chipinda chako.

Sindikupempha kuti magemu amenewa aletsedwe, ndipo ndikufuna izi zimveke bwino chifukwa mawu akuti kuletsa ali ndi mbiri yowawa m'dziko muno. Lamulo lathu la Censorship and Control of Entertainments Act ndi la 1968, linalembedwa makina osewerera magemu m'nyumba asanayambe kugulitsidwa, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi bungwe la Censorship Board linkaletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo kwa anthu akuluakulu amene akanatha kudzisankhira okha. Amene anakula nthawi imeneyo safuna kubwererako, ndipo ndikugwirizana nawo. Kugawa magemu malinga ndi zaka n'kosiyana ndi kumeneko, chifukwa wamkulu amasiyidwa ndi ufulu wake, ndipo amene amatetezedwa ndi mwana, amene malinga ndi malamulo oyendetsera dziko lino monga anasinthidwira mu 2017 ndi aliyense wosafika zaka 18. Zimene zinachitika ku Australia zimaonetsa kusiyanaku bwino lomwe. Dzikolo linalibe gulu la magemu a akuluakulu okhaokha, moti gemu yopitirira muyeso wa zaka 15 inkangokanidwa, ndipo Mortal Kombat ya 2011 inakanidwa motero. Gulu la R18+ litayamba kugwira ntchito pa 1 January 2013, gemu yomweyo inaloledwa kugulitsidwa kwa akuluakulu. Mayiko amasiyana pa mphamvu imene amapereka ku manambalawa: ku Britain kuyambira 2012 ndi mlandu kugulitsa gemu ya 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika zakazo, pamene ku America khoti lalikulu mu 2011 linathetsa lamulo la California loletsa kugulitsa magemu a nkhanza kwa ana, n'kusiya nkhaniyo m'manja mwa makolo ndi ogulitsa. Kwathu kuno sindinaonepo gemu yokhala ndi chizindikiro cha Malawi, ndiye pakadali pano mlonda amene alipo ndi mwini shopu ndi kholo.

Sindikunenanso kuti mwana woonera Mortal Kombat adzakula chigawenga. Bungwe la akatswiri a za maganizo ku America, American Psychological Association, linanena mu 2020 kuti palibe umboni wokwanira wosonyeza kuti magemu otere amachititsa anthu kuchita zachiwawa, ngakhale linavomereza kuti pali kugwirizana pang'ono ndi makhalidwe aukali monga kukalipa ndi kukankhana. Nkhawa yanga ndi yapafupi kuposa pamenepo. Mwana wamng'ono amaopa, amalota, amatengera mawu otukwana amene amadzaza Grand Theft Auto V, ndipo amaona akuluakulu akuombera m'manja pamene munthu akung'ambidwa. Kholo limene likuganiza kuti mwana wake wapita kukasewera mpira lili ndi ufulu wodziwa kuti akuonanso zimenezi.

Chodandaulitsa n'chakuti njira zokonzera vutoli zili kale m'manja mwa mwini malo. PlayStation 4 ili ndi gawo la chitetezo cha ana limene limalola kuika malire a zaka pa wogwiritsa ntchito aliyense ndi kutsekera zosinthazo ndi nambala yachinsinsi, moti makina oyandikira pakhomo angathe kukhala a mpira ndi magalimoto okha. Ma TV a magemu a 16 ndi 18 angasunthidwire kumapeto kwa chipinda, n'kutchingidwa ndi bolodi kapena katani yochindikala, ndipo osewera kumeneko angapatsidwe zomvera za m'makutu kuti kutukwana kusamveke chipinda chonse. Pepala limodzi lolembedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, losonyeza dzina la gemu ndi nambala ya zaka zake, lingamatidwe pambali pa pepala la mitengo. Mnyamata wolemba nthawi uja amadziwa pafupifupi mwana aliyense wobwera pamalopo, ndiye sipangafunike chitupa kuti azindikire wa Sitandade 4.

Malowa alinso ndi ntchito ina yoikira anthu magemu m'mafoni, ndipo kumeneko sindinaone kufunsa kulikonse za mwini foni kapena amene akasewere. Makolo amene amabwereketsa foni kwa ana adziwe kuti pa Google Play gemu iliyonse imasonyeza zaka zake pansi pa dzina, ndipo pulogalamu ya Family Link imathandiza kutsekera zopitirira msinkhu wa mwana, koma gemu yoikidwa ndi munthu wina kuchokera pa kompyuta sidutsa pa tsamba limenelo. Ntchito imeneyi sindikuilimbikitsa pa foni imene ana amagwira.

Kwa ophunzira a ku Mzuni ndi akuluakulu ena ofuna kusewera mpira kapena magemu omenyana pa makina odalirika, malowa ndi abwino ndipo ndalama yanu siipita pachabe. Kwa mwana wa pulayimale, nthawi yabwinoko ndi Loweruka m'mawa, pamene ambiri amasewera mpira, ndipo apite ndi munthu wamkulu amene akhale naye pa benchi yoyandikira pakhomo. Madzulo a masiku a sukulu, pamene anyamata akuluakulu adzaza ndipo magemu a 18 ali pa ma TV angapo nthawi imodzi, sindingalangize kholo lililonse kutumizako mwana yekha. Mwini malo anandiuza kuti zotchinga chipinda zikufunika chilolezo cha mwini nyumba ndipo sanalonjeze kanthu, koma pepala la zaka anavomera kulimata ngati wina atamusindikizira.