Miyezi 10 ndisakulipira antivairasi, nazi zomwe ndaona

Patha miyezi 10 chichotsereni antivairasi yolipira, pulogalamu yoteteza kompyuta ku ma vairasi, pa laputopu ya panyumba pathu, nde ndati ndinene mmene zayendera chifukwa tsiku lomwe ndinkaichotsa lija mtima unali m'mwamba ndithu. Laputopu imeneyi timagwiritsa ntchito anthu atatu, ineyo, mayi a kunyumba ndi mnyamata wathu wa zaka 14, ndipo muli zithunzi za banja za zaka zambiri zoti zitatayika palibe kozipezanso.

Kwa amene sakudziwa chiyambi chake, laputopuyi inabwera ndi antivairasi ina ya kampani yomwe sinditchula dzina, yaulere kwa masiku 30 okha. Masikuwo atatha inayamba kutulutsa timauthenga tofiira toopseza, nde ndinalipira poti chaka choyamba mtengo unali wotsitsidwa. Chaka chitatha ndinangoona ndalama yadulidwa pa khadi, yochuluka kuposa yoyamba ija, eti ndinavomera ndekha m'timalemba ting'onoting'ono tija timangodutsa osawerenga. Zinandiwawa zedi. Ndinazimitsa zodzilipira zokhazo, ndipo chaka chachiwiricho chitatha ndinaichotsa n'kutsala ndi Microsoft Defender yomwe imabwera kale mkati mwa Windows 10 ndi 11.

Chimene ambiri sadziwa n'choti mukainsitola antivairasi ina, Defender imapatuka yokha n'kusiyira inayo ntchito, mukachotsa inayo imadzukanso. Komabe musangokhulupirira, tsegulani Windows Security muone ngati real-time protection, ulonda wake wa nthawi zonse, yayaka.

Sindinangodumphira ayi. Ndinayamba ndawerenga zotsatira za malabu odziimira paokha omwe ntchito yawo ndi kuyesa mapulogalamu amenewa, AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria. A AV-TEST amapereka mamakisi mpaka 6 pa mbali zitatu, chitetezo, liwiro la kompyuta, ndi kusavutitsa munthu ndi machenjezo abodza, onse pamodzi 18. Zaka zaposachedwazi Defender yakhala ikupezeka kangapo pamwamba penipeni limodzi ndi zolipira zija. Kenako ndinaiyesa ndekha ndi fayilo ya EICAR, kafayilo ka zilembo 68 kopanda vuto lililonse komwe anakapangira dala kuyesera ngati antivairasi ili maso. Inakagwira ndisanakatsegule n'komwe.

Koma mayeso enieni anabwera okha.

Oyamba anali fulashi ya alamu anga omwe anabwera kudzatenga zithunzi. Nditangoitsegula Defender inalira pomwepo, ndipo mkati mafoda onse anali atasanduka ma shortcut (tizizindikiro tongolozera ku fayilo ina), vairasi ija yotchuka yomwe imayenda pa mafulashi kuchoka kompyuta ina kupita ina. Alamu anagwira kumutu kuganiza kuti mafayilo awo onse apita. Ndinawauza kuti alamu khazikani mtima pansi, vairasi imeneyi nthawi zambiri siyifufuta kanthu, imangobisa mafoda enieni n'kuika ma shortcut oti mukadina ndiye imadziyambitsa. Titachotsa zoipazo n'kuuza kompyuta kuti ionetse mafayilo obisika, zonse zinali momwemo.

Achiwiri ndi amene anandiphunzitsa zambiri, nde apa ndichedwapo pang'ono. Mnyamata wathu anadawuniloda gemu yolipira koma yokhirakidwa, yothyoledwa kuti aziisewera osalipira, pa tsamba lina lodzaza ndi mabatani obiriwira olembedwa download paliponse. Windows inamuchenjeza kudzera mu SmartScreen kuti fayiloyi siyikudziwika, iye anadina zopitirira basi, chifukwa malangizo a pa tsambalo ankanena kuti chenjezolo ndi labodza komanso kuti azimitse antivairasi kaye. Taganizani, fayilo yokuuzani kuti muchotse mlonda pakhomo isanalowe! Chomwe chinamuimitsa ndi choti mwezi woyamba uja ndinamupangira akaunti wamba yopanda mphamvu za admin, nde kompyuta inafuna pasiwedi yanga. Anabwera akuti "Adadi, ikufuna pasiwedi yanu, ndi gemu chabe". Ndinati tiye tikaione limodzi mwanawe. Tinaikweza pa VirusTotal, tsamba la Google lomwe limayesa fayilo imodzi ndi ma antivairasi oposa 60 nthawi imodzi, ndipo mzere wofiira unali wautali moti iye mwini anangoti zii. Sindinamukalipire, ndinangomuonetsa kuti mafayilo oterewa kawirikawiri amabwera ndi kapulogalamu koba mapasiwedi osungidwa mu browser, kutanthauza kuti imelo ya amayi ake ndi yanga zikanapita limodzi. Chenjezo limodzi pa VirusTotal, musamakwezepo makalata anu achinsinsi chifukwa zomwe mwakweza akatswiri ena atha kuziona.

Tsiku limenelo ndinazindikira kuti chinatipulumutsa si pulogalamu yodula, inali akaunti wamba ija yomwe kuipanga sikutenga mphindi 5. Antivairasi iliyonse, yolipira kaya yaulere, ikazimitsidwa ndi munthu amene wakhala pa kompyutayo yatha ntchito.

Zina zomwe ndinaonjezera zonse ndi zaulere. Malwarebytes yaulere ndimaigwiritsa ntchito kusikana kamodzi pamwezi ngati diso lachiwiri, iyo siyilondera nthawi zonse, imadikira muiuze, nchifukwa chake siyilimbana ndi Defender. Ma antivairasi awiri olondera nthawi imodzi ndiye osayerekeza, kompyuta imalemera ndipo amasokonezana. Mapasiwedi tinawasamutsira ku Bitwarden, pulogalamu yosungira mapasiwedi, pa imelo tinayatsa kutsimikizira kawiri kuti pasiwedi yokha isamakwane kulowera, ndipo pa browser pali chotsekera malonda chomwe chinachepetsa mabatani abodza aja.

Mu Windows Security momwemo muli Controlled folder access, yotetezera mafoda ku ransomware, ma vairasi aja otseka mafayilo anu n'kumafuna dipo. Imabwera yozimitsa. Mukaiyatsa imaletsa pulogalamu iliyonse yomwe siyikuidziwa kusintha zinthu mu Documents ndi Pictures, nde sabata yoyamba konzekani kumaloleza pamanja mapulogalamu anu odalirika monga osinthira zithunzi. Zikakhazikika mumaiwalako.

Za ma apudeti ndikupemphani abale musamazengereze. Ransomware ya WannaCry itabuka mu May 2017 inagwetsa makompyuta m'mayiko oposa 100, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale apudeti, chigamba chotseka bowo lomwe vairasiyo inkalowera, mu March chaka chomwecho. Amene anapwetekeka ndi amene anali asanaike. Ine kale ndinkadina zoti ndiika mawa mpaka sabata kutha, pano kompyuta ikangopempha kuyambiranso ndimailola usiku womwewo. Komanso kamodzi pamwezi ndimakopera zithunzi ndi makalata pa hard disk yapadera, ndikamaliza ndimaizula n'kuisunga, chifukwa ikakhala yolumikizidwa ransomware imaitsekera limodzi.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangoika antivairasi yaulere ya makampani ena. Zilipo zogwira ma vairasi bwino, sindikukana, koma muziwerenga zomwe akuchita ndi deta yanu. Mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linalamula Avast kulipira madola 16.5 miliyoni pa nkhani yogulitsa mbiri ya masamba omwe anthu ankatsegula pa intaneti kudzera ku kampani yake ya Jumpshot. Nkhani imeneyi inandikhudza chifukwa antivairasi imaona chilichonse pa kompyuta, ndi pulogalamu yomwe mumaipatsa makiyi a nyumba yonse.

Sindikunena kuti zolipira n'zachabe. Zambiri zimabwera ndi VPN yobisa zomwe mukuchita pa intaneti, chitetezo cha mafoni ndi makompyuta angapo pa layisensi imodzi, ndi anthu oti muwafunse zikavuta, ndipo kwa munthu amene amasunga zinthu za makasitomala kapena alibe nthawi yokonza zonse ndanenazi pachokhapachokha, ndalamayo ili ndi tanthauzo. Mukasankha kugula, yang'anani mtengo wa chaka chachiwiri osati choyamba chokha, werengani kuti ndi zipangizo zingati, zimitsani zodzilipira zokha tsiku lomwelo, ndipo musagule makiyi a layisensi otchipa modabwitsa kwa ogulitsa osadziwika chifukwa ena amakhala obedwa ndipo amatsekedwa pakati pa chaka.

Kwathu laputopu ikuyaka msanga kuposa kale, timauthenga toopseza tija tinatha, ndipo masikani onse a miyezi 10 imeneyi sanapeze kanthu kupatula fulashi ija ndi gemu ija.

Chomwe chikundidetsa nkhawa pano ndi kompyuta yakale ya patebulo yomwe ili ndi Windows 10. Microsoft inasiya kuipatsa ma apudeti a nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 siyingalowemo chifukwa kompyutayi ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Antivairasi siyingatseke mabowo a Windows yomwe sikulandiranso zigamba, nde pakadali pano ndaichotsa pa intaneti, ikungogwira ntchito yolemba ndi kupulinta. Ndikuganiza zoikamo Linux Mint m'malo mwa Windows, ndipo mnyamata uja wanena kale kuti akufuna tidzaike limodzi.