Maphunziro owonjezera a oyendetsa njinga zamoto: kodi n'koyenera kulipira?

Akabaza ambiri a pa Kamuzu Road ku Salima ndi pa boma la Nkhotakota anaphunzira njinga kwa anzawo pabwalo la mpira: kilatchi nayi, giya nayi, buleki uyu, yendani. Zimenezo zimakwana kuti munthu ayambe kunyamula anthu, koma mbuzi ikadumphira mumsewu mpamene kuperewera kumaoneka. Maphunziro owonjezera, ochititsidwa ndi sukulu zina zoyendetsa galimoto ndi mabungwe, amabwera kudzatseka mpata umenewu. Ife tikuti n'koyenera kulipira, bola nthawi yambiri muzikhala pa njinga osati pa benchi.

Phindu lalikulu lili pa buleki. Ambiri amaopa buleki wakutsogolo, amati amagwetsa, ndiye amangoponda wakumbuyo. Komatu pa tala pouma, pafupifupi magawo 7 mwa 10 a mphamvu yoimitsa njinga amachokera kutsogolo. Mukamanga buleki, kulemera kumathamangira ku tayala lakutsogolo, lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kuterereka. Chogwetsa munthu ndi kukoka bulekiyo mwa kamodzin'kamodzi tayala lisanagwire bwino pansi. Mphunzitsi wodziwa amandandalika mabotolo n'kukuuzani kuti mubwere pa liwiro la makilomita 20 pa ola, kenako 30, kenako 40. Mukafika pa botolo mumasiya moto, mumafinya pang'ono kuti mashoko akutsogolo atsike, kenako mumaonjezera kufinya uku mukuponda wakumbuyo mopepuka, kilatchi n'kukoka, maso ali kutsogolo. Iye amawerenga mapazi kuchoka pa botolo kufika pomwe mwaima. Apa mumadzionera nokha kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womangira buleki umawirikiza kanayi. Kumbukiraninso kuti pa makilomita 60 pa ola njinga imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, dzanja lisanafike n'komwe pa buleki.

China ndi kuzemba dzenje kapena wa njinga yakapalasa. Njinga ikathamanga, mukafuna kupita kumanja mumakankhira kutsogolo chogwirira chakumanja pang'ono, njinga imapendekera komweko. Ambiri amachita zimenezi osadziwa, ndipo pa mantha amauma manja. Njinga imapitanso komwe maso ali: mukayang'anitsitsa dzenje mugweramo, yang'anani mpata wodutsapo.

Musanalipire, funsani ngati adzakutengerani pa mchenga. Misewu yambiri ya kufupi ndi nyanja, monga ya ku Lifuwu, ya m'midzi ya ku Senga Bay ndi mbali za Chia, ili ndi mchenga wambiri, ndipo malamulo a pa tala amatembenuka. Buleki wakutsogolo m'pewereni, chepetsani liwiro musanalowe, ikani giya yachiwiri, khalani chakumbuyo pang'ono, moto ukhale umodzimodzi. Mukasiya moto pakati pa mchenga, tayala lakutsogolo limamira n'kukupotokolani manja. Sukulu zambiri zimaphunzitsira pamalo ouma osalala, n'chifukwa chake funsoli n'lofunika.

Pomwe maphunzirowa amaperewera kawirikawiri ndi pa katundu. Wophunzira amayeserera ali yekha, pomwe mawa lake anyamula mayi wobereka mwana kapena thumba la mpunga la makilogalamu 50. Kulemera kukakhala kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, mtunda woimira umatalika, nyali imaloza m'mwamba usiku. Umirirani kuti mubwereze kumanga buleki mutakweza mnzanu. Aphunzitsenso kuuza wokwera kuti akwere mutamuuza, mapazi akhale pa zopondera, chitenje achipinde chisayandikire tcheni ndi masipoko. Chitenje chikakodwa, tayala limaima pomwepo.

Za kuona ngati njinga ili bwino m'mawa amaziphunzitsa bwino ndithu: mpweya woyeza matayala asanatenthe, tcheni chosewera mamilimita 20 mpaka 30, oilo, nyali, ndi chisoti chomanga lamba moti pansi pa chibwano pangolowa zala ziwiri. Chisoti chosamanga chimavuka mutu usanafike pansi. Za mathiraki, monga onyamula nzimbe ku Dwangwa, lamulo ndi limodzi: ngati simukuona dalaivala pa galasi lake, iyenso sakukuonani. Musapanikizane naye pa milatho yopapatiza ya pa msewu wa M5, ndipo musamudutse kumanzere akamakhota.

Pali zinthu ziwiri zoti musanamizidwe. Satifiketi ya maphunzirowa si laisensi. Laisensi imachokera ku Road Traffic, A1 ya njinga za injini yosapitirira 125cc ndi A ya zazikulu. Chachiwiri, maphunziro a masiku ochepa amatha kupatsa munthu mtima wodzikhulupirira mopitirira, n'kuyamba kuthamanga kuposa kale. Luso la buleki limafuna kulibwereza pamalo opanda anthu sabata ndi sabata.

Mtengo weniweni si wa sukulu wokha. Wakabaza amataya ndalama ya masiku amenewo, ndipo ngati njinga ndi ya abwana, ya tsiku amaifunabe. Njira yopepukirapo ndi kusonkhana anthu a siteji imodzi, kuitana mphunzitsi abwere kwanu, aphunzitse pa njinga zanu ndi misewu yanu, gulu lina m'mawa lina masana kuti ntchito isaime. Gulu lisapitirire anthu 8, apo ayi tsiku litha mukudikira mzere. Mphunzitsi wokana kukwera njinga kuti akuonetseni yekha kuima mwadzidzidzi, musampatse ndalama.